Chombo Chisanatere pa Kaphatenga

Ajibu ndiye wabwera nayo nkhaniyi pa kabaza,
thukuta lili chuchuchu, wosatsika n'komwe.
Akuti ikubwera filimu ya kuthambo,
ndalama zake zoti kuthirira phula msewu
kuchoka pano kukafika ku Chipoka, kubwereranso,
chenji n'kugulira minibasi.

Ndati, Ajibu, tsika kaye umwe madzi.
Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.
Chaka chathachi ankatinso dziko ligwedezeka,
ine n'kukabwereka mabenchi kutchalitchi,
anthu pha! mpaka pakhomo.
Theka la ola lisanakwane
mayi wa zitumbuwa anali akuliza mkonono,
anyamata akumbuyo akuitanitsa ndalama zawo.
Munali moto ndi utsi basi,
chitsulo kulikita chitsulo chinzake,
anthu kufa ngati ngumbi
popanda ndi mmodzi yemwe woti n'kumulira.

Ntchito yanga mukuidziwa:
ndimaika Chichewa m'kamwa mwa anthu a pakanema.
Msilikali wa kutali ndimamulankhulitsa ngati wa ku Khombedza,
mbava ndimaitukwanitsa mwaulemu kuti ana asaonongeke.
Zaka khumi ndi zitatu m'kachisakasa kano
zandiphunzitsa kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Komabe usiku womwewo ndinagula bandulo.
Sindinauze munthu.
Kachidutswa kotsatsira, mphindi ziwiri zokha,
pagalasi losweka la foni yanga:
chombo chachitali kuposa sitima ya katundu
chikuyandama mumdima wopanda pansi,
kamwana katagunditsa khutu kukhoma lachitsulo,
ndipo kunjako, kumene sikukhala munthu,
wina akugogoda.
Go. Go. Go.
Chitseko chikuti chitseguke
bandulo n'kutha.

Ndinatukwana mopanda ulemu uja.

Mwatitha, mwana wanga wa Fomu 3,
akuti, Ababa, kuthambo kulibe mpweya,
ndipo popanda mpweya phokoso siliyenda.
Mukadzamva bomba likuti phuu! pakati pa nyenyezi
mudzadziwe kuti atidyera.
Walankhula maso ali m'kope lake la sayansi,
kenako, ngati nkhani yongodutsa,
wati ndidzamusungire malo benchi lakutsogolo,
pambali pa sipika yomwe siikoka mamina.

Tsono zinthu zimenezi ndidzazitcha chiyani?
Chombocho ndi chombo, palibe vuto.
Nanga chogogodacho?
Ndikati mzukwa, abusa adzakwiya.
Ndikati mlendo, anthu adzafunsa kuti wa kwa yani.
Ndakhala ndikuyeserera mawu ake kubafa,
pakhosi pochita kukanda,
mpaka mkazi wanga anagogoda chitseko
kufunsa ngati ndatsamwa munga wa nsomba.

Mwina adzatinamizanso.
Mwina zokoma zonse ndi mphindi ziwiri zomwe zija,
zotsalazo madeya.
Anthu a ndalama zambiri amaopa nkhani yachete,
amathira phokoso ngati wophika wosadzidalira
amene amakwirira ndiwo ndi tsabola.
Ndipo ikamadzafika kuno
idzakhala itadutsa m'manja khumi,
yojambulidwa mobera, mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo,
wina akutsokomola m'chinenero chachilendo.

Izi zonse ndikuzidziwa.
Koma petulo wa jenereta ndagula kale, malita asanu,
ndabisa kuseri kwa matumba a chimanga,
poti magetsi athu amadziwa kusankha tsiku.
Kalipentala Likisho akukhoma benchi lina, pangongole.
Pabolodi panja ndalemba ndi choko: IKUBWERA,
tsiku osalemba.
Mvula ya Lachiwiri inafufuta.
Ndalembanso.

Dzulo potseka, magetsi atathima tauni yonse,
ndinakweza maso, chinthu chomwe sindichitachita.
Kanyenyezi kena kamayenda kokha,
pang'onopang'ono, kulowera cha ku Dowa.
Mwatitha akuti n'chitsulo cha anthu chabe,
chimene chimanyamula mafoni athu.
Ndinavomera.
Koma loko ali m'manja ndinaimabe pamenepo,
khutu kumalata,
kumvetsera.