Magazi a Manyuchi

Ine ntchito yanga ndi kuphika magazi.
Zaka makumi awiri kuseri kwa situdiyo ya ku Bagnoli:
manyuchi, utoto wofiira, kadontho ka khofi wozizira,
kutakasa m'ndowa mpaka zigwirane.

Tsiku lina balamanthu! Nunzio Cacace,
suti yoyera mbee, mphete chala chilichonse,
uja ankalandira maenvelopu padoko la Napoli Lachisanu
kuti mabwato a asodzi asapse usiku.
Anaviika chala m'ndowa mwanga, nanyambita.
"Mayi Immacolata, enieni satsekemera chonchi,
ndiponso sachedwa kuda."
Sindinafunse kuti anadziwa bwanji.

Anabwera ndi sutikesi yonunkha nsomba,
ndalama tho, zomanga ndi malabala.
Akufuna filimu ya moyo wake,
ndipo Nunzio, akuti, amusewera Nunzio yemwe.

Wotsogolera filimu, Fulvio Amitrano,
kamunthu kachifuwa, lendi miyezi itatu osalipira,
anayang'ana sutikesi, nayang'ana mphuno yophwanyika ija,
nati, "Nkhope imeneyi kamera yakhala ikuidikira."

Abale, munamuonapo fisi akuopa galasi?
Munthu woti mzinda wonse unkamupatukira njira,
nyali zitangoyaka, thukuta kamukamu,
mawondo gwedegwede,
mawu anayi okha, "Ndalama zanga zili kuti?"
omwe wakhala akuwanena chiyambire unyamata,
anamuuma pakhosi gwa!

"Dula! Simukumveka ngati chigawenga!"
Tonse zii. Wonyamula maikolofoni anayamba Tikuoneni Mariya.
Nunzio anapisa dzanja m'jekete,
ife mitima phaa,
natulutsa kampango.
"Pepani, bwana. Ndiyesenso?"

Kufa ndiye kunamuvuta zedi.
Kakhumi ndi kasanu ndi kawiri anagwa pa masitepe a tchalitchi,
ine ndikumuthira manyuchi pachifuwa,
ntchentche za Ogasiti zikumuimbira nyimbo ya maliro.
Ankagwa mwaulemu, akuteteza thalauza.
"Anthu sagwa choncho," anatero Fulvio.
"Ndaona ambiri akugwa," anatero Nunzio.
"Amenewo sankadziwa kusewera."

Kenako anafika a mataye, ochokera ku Roma,
onunkhira sopo, manja ofewa ngati buledi.
Pepala ili ndi la inshuwalansi, ili la ogawa filimu,
ili la nkhomaliro yomwe palibe anaidya.
Sainani apa, apa, ndi apa.
Pofika Okutobala sutikesi inali pululu,
fungo la nsomba lokha.
Anakhala pa bokosi langa la mawigi, kakasi.
"Mayi, zaka makumi atatu ndikuba ndi mfuti,
osadziwa kuti cholembera sichiphonya."
Ndinamupatsa bisiketi.

La fote linakwana tsiku lomaliza kujambula.
Magalimoto atatu, nyali zabuluu phethiphethi,
apolisi asanu ndi mmodzi kulumphira pakati pa zingwe zathu.
Fulvio anakalipa: "Wawaveka ndani amenewa?
Zipewa zabodza zokhazokha! Bwererani mukalowenso bwino!"
Wamkulu wawo, mwina chifukwa cha nyali,
anabwereradi masitepe awiri.

Unyolo khwatcha!
Kamera inali ikuzungulirabe.
Ndipo Nunzio, kwa nthawi yoyamba,
sanayang'ane pansi, sanameze mawu.
Anatembenuka pang'onopang'ono, chibwano m'mwamba,
manyuchi anga akutsikira m'nsapato,
nafunsa, "Fulvio, kuwala kwandigwira bwino?"

Filimuyo inatuluka ngati yanthabwala.
Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, a ku Roma anagula nyumba zina.
Ku Poggioreale amaionetsa pa Khirisimasi,
akaidi akuwomba m'manja, iye ali kutsogolo
akuwatontholetsa pakafika mawu ake anayi.

Amandilembera makalata.
Akuti ali ndi nkhani ya gawo lachiwiri,
akusowa wothandiza ndalama, munthu woona mtima.
Pansi pake nthawi zonse amawonjezera kamzere:
"Muchepetse shuga."