Diso la Singano

Dzanja langa lamanja limadzuka ine ndisanadzuke.
Ndimalipeza pabulangete likugwedera lokha,
chala chachikulu chikupukusa chinzake
ngati likuwerenga ndalama zimene ndilibe.

Ku Kwinzi adokotala anandiyendetsa m'khonde,
kupita, kubwera, kupitanso,
kenaka n'kulemba dzina papepala: Pakinisoni.
Ndinalinena chamumtima m'minibasi mpaka pa Chichiri
kuopa kuliiwala.
Kwathu ku Bangwe amangoti manjenje.
Ena amati kachasu.
Ena amaloza mlamu wanga, munthu wosalakwa.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri pakhonde lino la ku Limbe,
pakati pa sitolo ya nsalu ndi ya misomali,
ndinkalowetsa ulusi maso ali kumsewu.
Lero diso la singano limandizemba.

Ndinazindikira mochedwa kuti dzanjali lili ndi makutu.
Mayi Nankwenya akangoima apa n'kuti,
"Abambo, paja ukwati ndi Loweruka,"
limamva, n'kuyamba kuvina ngati chivindikiro cha ketulo.
Ukalibisa pansi pansalu ndiye walitosa.
Chaka chathunthu ndinalibisa,
ndikumwetulira mano ali gwa,
thukuta likutsika m'malaya mwezi wa Juni.

Tsiku lina ndinatopa.
Ndinaliika poyera, pamwamba pamakina.
Ndinati, mayi, taonani.
Likudwala ili, koma silinaiwale kudula kolala.
Diresi lanu mutenga Lachinayi, mawa sindingathe.
Anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali.
Anati, "Lachinayi nthawi yanji?"

Ena anatenga nsalu zawo ndithu, osabweranso.
Ndinawawerenga kwa mwezi umodzi, kenaka ndinasiya.

Tsopano tsiku ndimalidula ngati nsalu yoperewera.
Piritsi la m'bandakucha limandibwereka thupi langa
kuyambira seveni mpaka cha m'ma leveni:
apo ndiye pa sizasi, pa choko, pa mikono ya jekete.
Lamya ikalira ndimamwa lina, osadikira kumaliza msoko.
Masana ndi a simbi ndi macheza.
Mayunifolomu a sukulu yonse ndinawakana,
ndinagona tulo usiku umenewo.

Asiyatu, mwana wa wogulitsa zigege uja,
amafika m'mamawa n'kulowetsa ulusi m'masingano khumi,
n'kuwabaya pasiponji ngati nungu.
Ndiye amalembanso miyeso m'kabuku,
poti zilembo zanga zinayamba kuchepa,
mzere kuyamba ndi mbuzi, kuthera nyerere.
Ine ndimamulipira ndi zomwe zili m'mutu:
mmene phewa limagonera, mmene thumba limabisikira.
Amalakwitsa, timaphwasula, palibe wokalipa.

Makina akalewa ndi amene amandimvetsa.
Phazi likangoponda, tchaka-tchaka-tchaka,
thupi lonse limapeza ng'oma yoti litsate
ndipo dzanja limakhala phee pansalu,
ngati mwana wolira amene wapatsidwa ntchito.

Koma pali masiku a chiperoni,
phiri la Mpingwe litamira m'chifunga,
mapewa ali ngati matabwa,
miyendo itamatirira pasimenti pakhomo la sitolo,
anthu akundilambalala ndi matumba awo.
Kale ndinkalimbana nayo.
Pano ndimaima. Ndimapuma kanayi, pang'onopang'ono.
Ndimasankha mng'alu umodzi pansi
n'kuuza phazi kuti, dumpha uwo wokha.
Limadumpha. Nthawi zina kachiwiri.

Ikakwana folo ndimavundikira makina
ngakhale thalauza litatsala mwendo umodzi.
Mwini wake sayenda wamaliseche usiku uno.
Ndimakwera ya ku Bangwe mzere usanatalike,
ndalama ya kondakitala ili kale m'dzanja lamanzere.

Kunyumba mkazi wanga amathira tiyi theka la kapu,
osanena kanthu, kenaka theka lina.
Dzulo anandipatsa bulauzi yake yothothoka batani.
Ndinatenga singano imodzi ya Asiyatu.
Zinanditengera nkhani zonse za pawailesi
ndi theka la mauthenga a maliro.
Wavala lero ku Mvano.