Kuseri kwa Diso la Nergis

Tachoka ku Rize kusanache,
manja anga akununkhabe masamba a tiyi.
Nergis wagona njira yonse,
magalasi ake okhuthala ngati pansi pa botolo
atamupendamira pamphuno.

Ku chipatala cha ku Trabzon amudontheza mankhwala.
Walira pang'ono,
mboni za maso ake zakula ngati za mphaka usiku.

"Ika chibwano apa," akutero a Dokotala Tülin.
"Yang'ana kanyenyezi kobiriwirako. Usaphethire."
Waphethira.
Kachiwiri. Kachitatu.
Wa zaka zisanu sadziwa kukhazikika.

Kenako pa kompyuta patuluka dziko:
mizere yotuwa yosanjikizana ngati minda ya m'phiri lakwathu,
ndi kakhwinya kamodzi pakati.

"Disoli ndi laling'ono," akuloza ndi cholembera,
"koma kansalu ka m'kati kanakula msinkhu wake wonse.
Kanasowa poyala, nkupindika."

Ndakumbuka diresi la mkulu wake
lomwe ndinamupindira m'chiuno chaka chatha.

Ndafunsa ngati khwinyalo lidzawongoka.
Ayezanso mamilimita, atilembera tsiku lina.

Panja kuwala kwamulasa.
Wabisa nkhope m'chikhoto changa,
nkumandifunsa chapansipansi ngati makina aja
aona zomwe analota m'basi.