Zipolopolo Zinayi

Usiku ku motelo ya ku Tucumcari
kulibe wobwera. Malole amangodutsa
pamsewu waukulu, kulunjika ku Amarillo,
ndipo ine, mlonda wa makiyi makumi awiri,
ndimayatsa gemu imene Anselmo anasiya.

Analekezera pa gawo lachisanu ndi chinayi.
Ndi pomwe ndimamupeza nthawi zonse:
munthu wa chipewa chotambalala,
chikhoti chofika m'mawondo,
ataima kuseri kwa tchalitchi cha matabwa
m'tauni ya mgodi yomwe dzuwa linainyanyala.
M'mfuti mwake zipolopolo zasiliva zinayi.
Zinayi basi. Mkulu wanga sankadziwa kusunga,
kaya ndalama, kaya chinsinsi.

Ndikadina batani, munthuyo amayamba kupuma.
Mahatchi akufa ali ngundangunda m'fumbi,
opanda bala, ouma gwa ngati zikumba.
Chitseko cha nyumba ya mowa chimadzikankha chokha,
kwiii, kwiii,
piyano ikulira popanda woikhudza.
Kenako amatuluka anamapopa aja:
wometa anthu ndi lumo lake,
mlaliki, kolala yake ili psuu,
mayi wa diresi laukwati akutsika khoma chadodolido,
mano ngati misomali ya bokosi la maliro.

Anselmo ankawaseka.
Lolemba, Lachitatu, Lachisanu
ndinkamuperekeza ku chipatala cha impso.
Makina ankamukoka magazi pamkono,
kuwazunguza m'timapaipi, kuwabweza atazizira.
"Namapopa wanga ndi waulemu," ankatero,
"amabweza zimene wabwereka."
Namwino Delfina ankaseka mpaka kugwira tebulo,
ine ndikuyang'ana pawindo, kuwerenga magalimoto.

Tikabwerako, ali wefuwefu, milomo itayera,
ankadziponya pasofa, kontorola m'manja,
kuwombera mpaka zala zitakana.
Pa tchalitchi ichi anafa kakhumi, mwina kuposa,
akutukwana m'Chisipanishi cha amayi athu,
n'kudzukanso, chipewa chili pamutu.
Mu Febuluwale anafa kamodzi.

Njira yake ndikuidziwa.
Anandionetsa mwana wina pa intaneti:
uwombere chingwe cha belu,
belu ligwere migolo ya onga,
moto uwamalize onse ngati mapepala.
Chipolopolo chimodzi chikwana. Zitatu n'kutsala.

Koma ndikatero gemu idzasunga pena,
idzalemba tsiku latsopano pamwamba pa lakale,
ndipo 11 Febuluwale, 2:47 usiku,
ndi dzina lomwe analemba molakwitsa dala, ANSELMOO,
zidzafufutika.

Ndiye ndimangoyenda naye.
Timazungulira chitsime chouma,
timawerenga zikwangwani za zigawenga zofunidwa,
ndimamuimika pamene mphepo imatukula chikhoti chake.
Akabwera mayi wa diresi uja sindithawa.
Amatigwira pakhosi, sikirini imafiira,
kontorola imanjenjemera m'manja mwanga
ngati mkono wake tsiku lomwe singano
inasowa mtsempha katatu.

Muyambiranso? amafunsa malemba oyera.

Usiku wa lero kabelu ka pakauntala kalira.
Dalaivala wa lole wochokera ku Oklahoma,
maso ali psuu ndi tulo, fungo la dizilo,
akufuna chipinda cha bedi limodzi.
Wasuzumira sikirini, wakanda ndevu, wati,
"Ukudziwa kuti ungowombera chingwe?"
Ndati ndikudziwa.
Wandiyang'ana ngati ali ndi funso lina,
koma ndamupatsa kiyi wa nambala seveni,
ndamuuza kuti madzi otentha amachedwa kubwera,
adikire pang'ono asanaganize kuti paipi yafa.

Wapita, nsapato zikukhula konkire.
Panja chikwangwani chathu chikuphethira,
chilembo chimodzi chinazima chaka chatha.
Munthu wa chipewa waimanso kuseri kwa tchalitchi,
mapewa akukwera, akutsika,
zipolopolo zinayi,
ndipo kumeneko sikucha.