Eyiti, Sikisitini, Kapena Sate-thuu

Lusiyano waimba ali ku Joni,
ali m'sitolo, kumbuyo kwake matakisi akulira.
"Nena msanga, mayunitsi akutha.
Ramu yake ndigule ya bwanji?
Basi ya Lachisanu siidikira munthu."

Ndamuuza andipatse usiku umodzi.

Ndiye ndili pano pa Chitakale,
shopu ndatseka, chiperoni chikulowera kunsi kwa chitseko,
kompyuta ndaivula chivundikiro, ili chagada pathebulo
ngati nkhuku yotumbula.
Mipata inayi. Umodzi wokha ndiwo uli ndi kanthu:
kachitsulo kobiriwira ka folo
kamene kandichititsa manyazi chaka chonse.

Dzulo lomweli Piyasi anali atapyola otchinga onse atatu,
goloboyi atagwa kale,
chithunzi chinangoti njo!
Wosewera mwendo m'mwamba, mpira uli lende,
ife tonse kukamwa yasa.
Pamene chimatsitsimuka, mpira unali kwa adani.
Mwanayo sanalire. Anangotambasula dzanja:
"Bwezeni thuu handiredi yanga."
Ndinabweza.

Amati ramu ndi pamene makina amakumbukirira.
Ine ndikuti ndi dengu.
Ndinathyolapo tiyi nyengo ziwiri ku esiteti,
dengu ndimalidziwa ndi msana.
Silisunga kanthu mpaka mawa,
limanyamula za pompano basi.
Likachepa, tsiku limathera m'njira,
kupita kusikelo, kubwerera, kupitanso,
anzako akuthyola.
Likakula kuposa manja ako
umangobereka mphepo.

Eyiti ndi wotchipa.
Eyiti angandisiyire ya malata awiri
oti nditseke podontha, pamwamba penipeni pa soketi.
Koma masewera a masiku ano ndi adyera,
amabwera ndi mabwalo awo, mvula yawo,
chikhamu cha anthu ochemerera,
aliyense akufuna pokhala.
Kugula eyiti kuli ngati kugulira nsapato yokwana ndendende
mwana woti akukula.

Sate-thuu, ha!
Mtengo wake ndaulemba kuseri kwa risiti ya magetsi,
ndauyang'ana, nawonso wandiyang'ana.
Ndi fizi ya Esinala ya teremu yonse,
yunifolomu yomwe.
Pali mnyamata wina pa Luchenza ali nayo,
amaitchula pa bawo, mu minibasi, ngakhale pa maliro,
koma amasewera mpira womwewu
ndipo theka la dengu lake silinaonepo tsamba.
Nanga khadi langa la zithunzi si nkhalamba?
Kaya ulikuze bwanji dengu,
wothyola akadali yemweyo.

Wakabaza womaliza wadutsa, belu lake lili ngere ngere.
Phiri silikuoneka lero.
Magetsi athima, monga mwa masiku onse,
ndayatsa tochi ya foni
ndi kukhuthula chitini cha mkaka.
Ndalama zamakwinya, zonunkha zitumbuwa,
zina zomata ndi selotepi,
zonse zinachokera m'zikhatho za ana.
Ndawerenga kawiri. Kachitatu zinachepa ndi faifi handiredi,
ndinaipeza itamatirira kuchigongono.

Tambala woyamba asanalire ndalemba uthenga:
"Sikisitini.
Koma ugule tiwiri ta eyiti, osati kamodzi,
tizithandizana ngati anthu awiri
otsitsa thabwa limodzi kuchokera m'phiri.
Ukulunge bwino, uike pakati pa zovala,
anyamata a basi amaponya katundu."

Wayankha pompo, kaya sagona:
"Nanga nsapato zako zija?"
Ndati zisiye, za chaka chatha zikadali ndi zidendene.

Mipata iwiri itsala yopanda kanthu.
Ikhale choncho.
Ngakhale bambo anga pomanga nyumba
anasiya njerwa zotulukira kukhoma la kummawa,
amati chipinda china chidzagwira pamenepo.
Papita zaka naini, njerwazo zamera ndere,
koma sanazigumule.

Ka folo kaja ndikaboola
ndimangirire makiyi a shopu.

Kwacha. Wina akugogoda pazenera.
Ndi Piyasi, yunifolomu yanyowa ndi nkhungu,
thuu handiredi yomwe ija ili m'manja.
"Mwakonza?"
Ndati bwera Lamlungu.
Wayang'ana matumbo a kompyuta pathebulo,
wawerenga mipata ija ndi chala,
wafunsa ngati kubowoko kumalowa mphemvu.