Mbale Yakale ku Chiputula

A Luhanga amakonza mawailesi ku Chiputula.
Lero mvula yowaza ya Mzuzu yathawitsa makasitomala,
ndiye apukuta mbale ya galamafoni ndi mkono wa juzi.

Dzina la Mngelezi amene anapeka nyimbozi
njenjete zinadya kale pachikuto.
Chatsala n'chithunzi: dazi, kaliwo pakamwa,
kamtengo koimbitsira m'dzanja.
Akuti ankapekera omwa tiyi m'mahotela,
osati mafumu,
ndipo anafa ndi ngongole ya lendi.

Singano yatera. Mavayolini atuluka
ngati ana oweruka kusukulu,
chitoliro pambuyo, kutsimphina pomwe mbale inakandika.

Wakabaza wina akuusa mvula pakhonde,
phazi likugunda lokha.
"Ndani ameneyu?"
"Mnzanga," atero a Luhanga,
magetsi n'kuthima.