Tepi ya Telala wa ku Kawale

Jekete lawo loyamba ndinalidula manja ndine,
la kaunjika, logula ku Tsoka,
likununkhabe thukuta la mwini wake wa kutsidya kwa nyanja.
Chiuno: mainchesi makumi atatu.
Ankafuna ukhansala a Kamphale,
ankayenda wapansi, fumbi mpaka m'maondo,
akuwerenga ndi chala ngalande zotsekeka.

Anawina. Mpope unafika pamsika,
ndisaname, madzi tinamwa,
ndipo galimoto ya zinyalala
inaidziwa njira yathu kawiri konse.

Kenaka uphungu.
Anatuma dalaivala ndi nsalu yabuluu
ndi kapepala: onjezerani anayi.
Chaka chinacho, asanu ndi limodzi.
Kenaka zii.
Masuti ankachokera ku Joni tsopano,
ife tinkawaonera pa kanema wa m'shopu ya a Nangondo
ataimirira m'Nyumba ya Malamulo,
akutchula bwinobwino dzina la mlatho wathu wamatabwa
umene mvula inanyamula kalekale.

Dzana anatsika pa kabaza pakhonde pano,
jumbo yakuda m'manja.
Mavoti anawerengedwa, inunso mukudziwa.
"Amisiri, suti iyi ibwezeni m'kati pang'ono."

Ndinazunguliza tepi osayankhula.
Makumi atatu ndi awiri.

Ndinafuna kufunsa za mlatho
koma mapini anali kukamwa,
ndipo iwo maso anali patsidya pa msewu,
pa mpope uja,
pomwe kamtsikana kamatsuka ndowa, madzi akusefukira,
osadziwa n'komwe
kuti bambo akumuyang'anawo ndani.